Maloto a dziko lachilungamo: amathandiza pati, amathyokera pati?

Nachisale
Abale ndi alongo, ndabwera ndi nkhani yoti tiikambirane mofatsa. Munthu akayamba kufotokoza dziko limene palibe wogona ndi njala pamene mnzake akutaya chakudya, timamuuza kuti akulota masana. Komatu maola 8 a ntchito, sukulu ya mwana aliyense ndi voti ya amayi zinayamba zili maloto a anthu amene ankasekedwa. Mbali inayi, alipo maloto amene anadzaza manda. Funso langa ndi ili: loto la dziko langwiro limathandiza pati, ndipo limayamba kuluma pati? Chonde tisangoponya mawu oti "n'zabwino" kapena "n'zoopsa". Tinene chimene chinayesedwa, malamulo ake, ndi pamene chinathyokera.

Mbewe
Ndiyambe ndi kumene dzina loti Utopia, la dziko langwiro lotereli, linachokera, mayi Nachisale, chifukwa ambiri amalitchula osadziwa kuti mwiniwake ankaseka chamumtima. Thomas More anatulutsa buku lake la Utopia mu 1516, m'Chilatini, ku Leuven. Dzinalo analisula kuchokera ku Chigiriki. Limatanthauza "malo amene kulibe", koma m'khutu limamveka ngati mawu ena otanthauza "malo abwino".

Chimene anthu amaiwala n'chakuti gawo loyamba la bukulo likukamba kwambiri za England ya nthawi yake: eni malo akuthamangitsa alimi kuti aziwetamo nkhosa za ubweya, alimiwo n'kusanduka opemphapempha, akaba n'kunyongedwa. Chilumba chija chikubwera pambuyo ngati kalilole woti England adziyang'anire. Ndipo n'chodzaza ndi manambala: mizinda 54, ntchito maola 6 patsiku, nyumba zosinthana mwa maere zaka 10 zilizonse, golide wosulira maunyolo ndi miphika yokodzeramo usiku kuti munthu asamusirire.

Koma yang'anitsitsani. Pachilumbapo pali akapolo, ndipo ndi amene amapha nyama ndi kugwira ntchito zauve. Munthu sangapite kumzinda wina popanda kalata yachilolezo. Choncho loto limene linapatsa dzina maloto onsewa linabadwa ndi mafunso awiri osayankhidwa: ndani agwire ntchito imene aliyense akuikana, nanga wosafuna angachoke?

Kadzidzi
A Mbewe, bola zikanathera m'buku. Pa 17 Epulo 1975 a Khmer Rouge, gulu lachikomyunizimu, analowa mu Phnom Penh, likulu la Cambodia, n'kutulutsa anthu onse mumzinda. Anathetsa ndalama, misika, sukulu. Pofika mu Januwale 1979 anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anali atafa, m'dziko limene linali ndi anthu osafika 8 miliyoni.

Ndipo musati anali amisala basi. Pali kayendedwe kake. Cholinga chikakhala paradaiso, mtengo uliwonse umaoneka wochepa. Wodandaula amasanduka mdani. Kenako chowonadi chimasiya kukwera kupita kwa akuluakulu. Onani China pakati pa 1958 ndi 1962: wamkulu wa dera, poopa kuoneka wofooka, ankalemba zokolola zochuluka kuposa zenizeni. Boma linkatenga gawo lake powerengera nambala yabodzayo, ndiye kumudzi n'kutsala nkhokwe zopanda kanthu. Alimi ena anali atachotsedwa m'minda kukasungunula zitsulo m'ng'anjo zakuseri kwa nyumba, zitsulo zake zambiri zosagwira ntchito. Anafa anthu mamiliyoni makumimakumi.

Karl Popper ananena kale mu 1945 kuti tizilimbana ndi choipa chimene tikuchiona ndi maso, pang'onopang'ono, m'njira yoti tikalakwitsa tibwerere. Ine ndili kumeneko.

Nachisale
Achimwene a Kadzidzi, palibe akutsutsa manda amenewo. Koma kuyenda pang'onopang'ono kumafunabe kudziwa kolowera. Ukadziwa bwanji kuti maola 14 m'fakitale ndi choipa, pamene aliyense wakuzungulira akuti moyo ndi momwemo, ngati m'mutu mwako mulibe chithunzi china?

Katswiri wina wa ku Wisconsin, Erik Olin Wright, anagawa nkhaniyi m'mafunso atatu, ndipo ndikuona ngati angatithandize kusasakaniza zinthu. Kodi chinthucho n'chofunika? Chitakhazikitsidwa chingaime chokha, kapena chidzadzidya? Nanga tingakafikeko kuchokera pamene tili? Olota ambiri amathera pa loyamba. Andale amathamangira lachitatu. Lachiwiri ndi limene limasiyidwa, ndipo ndi limene lili ndi masamu.

Mbewe
Funso lachiwirilo tiliyese pa Robert Owen, chifukwa munthu mmodzi yemweyo anapambana kwina n'kugwa kwina.

Ku New Lanark, Scotland, anayamba kuyendetsa fakitale ya thonje mu 1800. Anasiya kulemba ntchito ana osafika zaka 10, anachepetsa maola, anakonza sitolo ya katundu wabwino pamtengo wotsika, ndipo mu 1816 anatsegula sukulu yolandira ngakhale tiana tating'ono. Fakitale inkapangabe phindu. Mu 1817 ndi pamene anayamba kulalika za maola 8 a ntchito, 8 osangalala, 8 ogona. Panadutsa zaka zoposa 100 kuti bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, mu 1919, liike maola 8 patsiku ndi 48 pamlungu m'pangano lake loyamba.

Tsono mu 1825 anagula mudzi wathunthu ku Indiana n'kuutcha New Harmony. Pofika 1827 zinali zitatha, chuma chake chambiri chitalowa m'madzi. Chinalakwika n'chiyani? Anaitana aliyense wofuna, osasankha. Anabwera anthu mazanamazana m'milungu yochepa, nyumba zosakwanira. Ophunzira ndi okonda zokambirana anachuluka, alimi ndi amisiri n'kuchepa. Iye mwini anachokapo kwa miyezi ingapo mudzi ukungoyamba. Malo ndi nyumba zinali zakebe, ndiye anthu ankauzidwa kuti ndi ofanana pamene mwini chuma ali mmodzi. Mu 1826 anagwirizana kuti aliyense azilandira mofanana posayang'ana ntchito imene wagwira, ndipo olimbikira anayamba kuyang'ana anzawo ndi diso lofiira. Malamulo ankasinthidwa kangapo pachaka, magulu n'kumapatukana.

Mwale
Ndiwonjezerepo kakang'ono. Ku Brook Farm, mudzi wina wotere ku Massachusetts, anathira ndalama zawo pa chinyumba chimodzi chachikulu choti onse azikhalamo, motsata maganizo a Charles Fourier. Mu Malichi 1846 chinapsa chisanathe, chilibe inshuwalansi. Mu 1847 gulu linatha. Nthawi zina loto silifa ndi nzeru zolakwika, limafa ndi pepala limodzi limene wina sanasaine.

Msungichuma
Apo ndiye mwandiitana, a Mwale. Otsatira maganizo a Owen amene anapulumuka ndi a ku Rochdale, England. Anali anthu 28, ambiri oluka nsalu ndi amisiri, anasonkha mapaundi 28, n'kutsegula kasitolo pa Toad Lane pa 21 Disembala 1844. Musaganize kuti analibe loto. M'malamulo awo oyamba analembamo kuti cholinga chakutsogolo n'kukhazikitsa mudzi wodzidalira, wa Owen uja. Mudziwo sanaumange. Chimene anasiya ndi malamulo otopetsa kuwerenga, amene lero akuyendetsa makopaletivi padziko lonse.

Membala mmodzi, voti imodzi, kaya waika zambiri kaya zochepa. Kugulitsa pa kashi basi, chifukwa masitolo a kopaletivi am'mbuyomo ankafa ndi ngongole za mamembala awo omwe. Chiwongoladzanja pa sheya chokhala ndi malire, kuti wandalama asadye thukuta la onse. Sikelo yoona ndi katundu wosasakaniza. Patapita zaka zingapo anapatulanso 2.5 peresenti ya phindu kuti ipite ku maphunziro. Ndipo chotsala chinkabwezedwa molingana ndi zimene munthu wagula.

Lomalizali ndi limene linali nzeru. Tiyerekeze kuti mamembala onse pamodzi agula katundu wa 20,000 pachaka, ndipo mutachotsa zolipira, zosunga ndi chiwongoladzanja, zatsala 1,000. Ndiye kuti pa 100 iliyonse imene munthu anagula abwezeredwa 5. Wagula za 400 alandira 20, wagula za 60 alandira 3. Palibe chifukwa chomulalikira munthu za chikondi cha pagulu. Thumba lake lomwe limamubweza ku sitolo yake.

Koma ndisawayeretse. Anthu omwewa anatsegula fakitale mu 1854 yoti antchito azigawana nawo phindu. Pofuna mpamba anagulitsa masheya kwa anthu ambiri osagwira ntchito m'fakitalemo. Mu 1862 eni masheyawo anavota kuti gawo la antchito lithe. Munthu ukagulitsa voti pofuna mpamba, loto lapita tsiku lomwelo, kungoti maliro ake amachedwa.

Kadzidzi
Ndiye mukuvomereza zanga. Chimene chinagwira ntchito ndi kasitolo. Mudzi wa m'malotowo unalephera.

Msungichuma
Ayi achimwene. Opanda loto akanatsegula sitolo wamba, voti ikutsata ndalama ngati m'kampani iliyonse. Lamulo la voti imodzi silichokera m'masamu a malonda. Masamu anangolithandiza kuima.

Nangozo
Pepani ndalowerera. Tanzania ikutipatsa chinthu chosowa: loto limodzi, dziko limodzi, mtsogoleri mmodzi, koma njira ziwiri.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ku Litowa m'chigawo cha Ruvuma, achinyamata ndi alimi anayamba okha mudzi wolima pamodzi. Midzi ina inatengera, n'kupanga Ruvuma Development Association. Ankasankha okha atsogoleri, ankakumana kawirikawiri kukonza ntchito, anali ndi sukulu yawo, anafika pogula chigayo ndi makina ochekera matabwa. Julius Nyerere ankawayamikira, ndipo chikalata cha Arusha cha 1967 chitatuluka, iye mwini ankanena kuti mudzi wa ujamaa, wokhala ndi kulima pamodzi ngati banja, sungamangidwe mokakamiza. Koma mu 1969 akuluakulu a chipani cholamula cha TANU anathetsa bungwelo n'kulanda katundu wake. Mudzi wodzilamulira unkawasowetsa mtendere.

Mu 1973 kukhala m'midzi yokonzedwa kunasanduka lamulo, ndipo pofika 1976 anthu oposa 5 miliyoni anali atasamutsidwa. Apa ndi pamene pali phunziro la ntchito. Malo ambiri ankasankhidwa ndi ogwira ntchito m'boma potsata msewu, kuti galimoto izifika ndiponso nyumba zikhale pamzere, osayang'ana nthaka kapena madzi. Mlimi amene munda wake unali pakhomo anayamba kuyenda mtunda wautali, nthawi yopalira n'kumathera panjira. Anthu ndi ziweto ataunjikana, nthaka yozungulira mudzi inaguga, nkhuni n'kutalikira. Kwina nyumba zakale ankazigwetsa kapena kuzitentha kuti anthu asabwerere. Izi zinakumana ndi chilala, ndipo dziko linagula chakudya chambiri kunja mu 1974 ndi 1975. Mu 1976 boma linathetsanso mabungwe a makopaletivi a alimi.

Zabwino zinalipo, tisabise: sukulu, zipatala zazing'ono ndi madzi zinafika kwa anthu ambiri, odziwa kuwerenga anachuluka zedi. Koma kulima pamodzi, mtima wa lotolo, kunafa pamene kunasanduka lamulo. Mlimi ankakaonekera kumunda wa onse kuti asalangidwe, mphamvu n'kusungira wake.

Nachisale
Achemwali a Nangozo, mwatipatsa muyeso. Ku Litowa wosafuna ankatha kuchoka ndipo olakwitsa ankatha kusintha mlungu wotsatira. Mu 1974 zonse ziwiri panalibe.

Mwale
Ndipo pali munthu amene anathera moyo wake kufufuza chifukwa chake magulu ena amakhala zaka mazana. Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anayang'ana nkhalango, msipu, madzi othirira ndi malo osodza amene anthu amagwiritsa ntchito limodzi. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankati chinthu cha onse chimatha basi, pokhapokha boma lichitenge kapena chigulitsidwe. Iye anapeza magulu amene sanachite zonse ziwirizi, n'kutolera mfundo 8 zimene ankafanana.

Zikuluzikulu zake: zidziwike bwino kuti membala ndani ndipo malire a chinthucho ali pati. Chimene munthu akutenga chigwirizane ndi chimene akuikamo. Otsata malamulo akhale ndi mphamvu yowasintha. Pakhale olondera amene amayankha kwa gulu. Chilango chiziyamba chaching'ono n'kumakula munthu akabwereza. Milandu iziweruzidwa pafupi, msanga, motchipa. Boma livomereze kuti gululo lili ndi ufulu wodzipangira malamulo, chimene a Litowa anamanidwa. Ndipo gulu likakula, likhale timagulu m'kati mwa magulu.

Taonani lamulo limodzi la mudzi wa Törbel ku Switzerland, lolembedwa mu 1517: munthu asatumize ng'ombe kumsipu wa onse kuphiri zoposa zimene angathe kudyetsa yekha m'nyengo yozizira. Kulondera kwake n'kosavuta, chifukwa aliyense amadziwa kukula kwa khola ndi udzu wa mnzake. Ku Valencia, Spain, khoti la madzi othirira limakumana Lachinayi lililonse masana pakhomo la tchalitchi chachikulu, oweruza ali alimi osankhidwa ndi anzawo, mlandu wapakamwa, chigamulo pompo.

Za chilango chokwera pang'onopang'onozi anthu amazipeputsa. Ukamulanga koopsa munthu amene waba madzi kamodzi mwana wake akudwala, anzake amayamba kubisirana, wolondera amaopa kunena, malamulo n'kufa. Ukapanda kumulanga n'komwe, olimbikira amafooka. New Harmony inagwa mbali yachiwiriyi, Cambodia inapitirira yoyambayo.

Nachisale
A Mwale, mwandikumbutsa asodzi a ku Alanya, Turkey, amene Ostrom yemweyo anawafotokoza. Ndikuwatchula chifukwa akuchita ndi manja chimene John Rawls ananena m'mawu mu 1971. Rawls ankati: ganizani kuti mukupanga malamulo a dziko musanadziwe kuti mudzabadwa ndani, wolemera kaya wosauka, wamphamvu kaya wolumala. Anthu amati zimenezo n'za m'kalasi.

Asodzi aja, pafupifupi 100, ankakangana polimbirana malo ansomba zambiri. Anakonza chonchi. Mwezi wa Seputembala amalemba mayina a asodzi onse ovomerezeka, amalembanso malo onse oponyera maukonde, otalikirana moti ukonde wa wina usatsekereze nsomba za mnzake. Amachita maere kuti aliyense ayambire pati. Kuyambira pamenepo mpaka Januwale, tsiku lililonse aliyense amasunthira malo amodzi chakum'mawa. Ikakwana Januwale amatembenuka, kusunthira chakumadzulo mpaka Meyi, motsata mmene nsomba zikuyendera. Aliyense amafika pamalo abwino tsiku lake, ndipo tsikulo safuna kupezapo wina, ndiye aliyense ndi mlonda popanda kulipidwa.

Gulu lililonse lolemba malamulo lingabwereke nzeru imeneyi: gwirizanani kagawidwe kaye, maere abwere pambuyo. Wodula asakhale woyamba kusankha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, akuluakulu anatero, ndipo apa mwambiwo wasanduka ndondomeko.

Kadzidzi
Anthu 100 odziwana nkhope, mayi. Dziko lili ndi mamiliyoni. A Hutterite, gulu lachikhristu limene linayamba kugawana chuma mu 1528, amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mudzi wawo ukafika anthu pafupifupi 150 amaugawa pawiri. Ndipo Richard Sosis atafufuza midzi 200 yotereyi ya ku America ya m'zaka za m'ma 1800 anapeza kuti yachipembedzo inkakhalitsa kuposa yopanda chipembedzo. Ndiye chomatira n'chikhulupiriro cholimba ndi kuchepa kwa anthu. Zonse ziwiri simungazilamule.

Msungichuma
Pa kukula, Mondragon, mgwirizano wa makopaletivi wa ku Spain, ikuyankhani theka, theka linalo ikugwirizana nanu.

Wansembe José María Arizmendiarrieta anayamba ndi sukulu ya ntchito zamanja mu 1943 ku dera la Basque, Spain. Fakitale yoyamba, Ulgor, inabwera mu 1956 ndi anyamata asanu ochokera pasukulupo. Banki yawo, Caja Laboral, mu 1959. Onani dongosolo lake: anthu kaye, ntchito, kenako mpamba wawowawo kuti asakagulitse voti ngati a Rochdale aja. Lero ndi antchito pafupifupi 70,000, m'makopaletivi ambirimbiri odziyimira paokha koma omangirirana, monga Ostrom ananenera.

Kagawidwe kake kachikale kanali kotere. Wolowa amaika ndalama yolowera, imene angathe kumadulidwa pamalipiro pang'onopang'ono. Phindu likapezeka, pafupifupi 10 peresenti ipite ku maphunziro ndi zothandiza dera, 20 peresenti kapena kuposa ipite ku thumba losagawika, lotsalalo lilembedwe m'buku la membala aliyense. Ndalama ya m'bukuyo satenga chaka chomwecho, imagwira ntchito m'kampani mpaka adzapume kapena kuchoka. Chaka chikaipa, bukulo limatsikanso. Malipiro a wamkulu poyamba sankaposa katatu a wotsikitsitsa. Anadzakweza malirewo kufika cha m'ma kasanu ndi kamodzi, kwina kuposa, chifukwa mainjiniya ndi mamanijala ankakopedwa ndi makampani ena.

Tsono mu 2013 Fagor Electrodomésticos, mwana wa Ulgor yemwe uja, wopanga mafiriji ndi makina ochapira, inagwa. Inali itagula kampani ya Brandt ya ku France mu 2005 ndi ngongole, kenako ntchito yomanga nyumba ku Spain inaima mu 2008, katundu wotchipa wa ku Asia ali pamsika. Makopaletivi anzake anaithandiza kwa zaka, potsiriza anakana kuthiranso. Mamembala ambiri anawapezera malo m'makopaletivi ena kapena kuwapumitsa msanga. Koma antchito a m'mafakitale ake a ku Poland ndi France sanali mamembala, analibe voti, analibe ukonde wowawakha. Akapolo a pachilumba cha More sindikuwafanizira ndi anthu olipidwa, koma funso la a Mbewe lija labweranso: kufanana kwa m'katimu akukulipirira ndani kunja?

Nangozo
Makibbutz, midzi yogawana chuma ya ku Israel, nawonso. Woyamba, Degania, 1910. Kwa zaka zambiri kunalibe malipiro, chakudya ku holo imodzi, ana kugona kunyumba ya ana. Makolo, makamaka amayi, ndi amene anathetsa zogoneka ana padera. Kenako mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 400 peresenti mu 1984, boma litaimitsa kukwerako mu 1985 ngongole zawo zinawapana, achinyamata aluso n'kumachoka. Lero ambiri mwa makibbutz pafupifupi 270 amalipira molingana ndi ntchito, n'kusunga thumba lothandiza okalamba ndi odwala.

Za ntchito yauve, a mudzi wogawana chuma wa Twin Oaks ku Virginia, amene alipo kuyambira 1967, anayesa kupereka mapointi ambiri pa ntchito yosakondedwa ndi ochepa pa yokondedwa. Kuwerengera kwake kunavuta, anthu n'kumachenjererapo, ndipo anazisiya. Anakhazikika pa ola ndi ola: kuphika, kulera ana, kulima, zonse zimawerengedwa mofanana, maola cha m'ma 40 pamlungu. Kutsuka mbale kokha ndi kumene aliyense amakhala ndi tsiku lake, afune asafune.

Mwale
Kubwerera kwa a Kadzidzi pa za mamiliyoni. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil, wa anthu oposa miliyoni, unayamba mu 1989 kulola anthu wamba kusankha ntchito zachitukuko za m'bajeti. Mzinda unagawidwa m'zigawo 16. Chigawo chilichonse chinkasanja zofuna zake, kaya mipope, ngalande, misewu kapena nyumba, n'kusankha nthumwi. Ndalama zinkagawidwa poyang'ana zinthu zitatu: chimene anthu aika patsogolo, kuchuluka kwawo, ndi kukula kwa kusowa kwawo. Chachitatuchi ndi chimene chinakokera madzi ndi ngalande kumadera osauka. Chinafooketsa ntchitoyi n'chakuti inadalira mtima wa meya. Chipani chimene chinaiyambitsa chitachoka pampando pambuyo pa chisankho cha 2004, ntchito zovoteredwa zinayamba kuunjikana osachitika. Munthu ukamuitana ku msonkhano katatu, ngalande osaiona, kachinayi sabwera. Mu 2017 misonkhanoyo inaimitsidwa.

Kuyesa pang'ono nakonso kuli ndi malire ake. Finland inayesa ndalama yopatsa munthu popanda chomufunsa mu 2017 ndi 2018: anthu 2,000 osowa ntchito, azaka 25 mpaka 58, osankhidwa mwa maere, mayuro 560 pamwezi, osachotsedwa ngakhale apeze ntchito. Zotsatira: anagwira ntchito masiku pafupifupi 6 okha kuposa anzawo pachaka, koma ankanena kuti nkhawa zachepa. Chimene kuyesaku sikungakuuzeni ndi msonkho, chifukwa anthu 2,000 mumawalipira osakweza msonkho wa aliyense. Chitani masamu: akuluakulu 4 miliyoni, 560 pamwezi, miyezi 12, zikukwana pafupifupi 27 biliyoni pachaka. Alaska imatha kugawira nzika iliyonse chaka ndi chaka kuyambira 1982 chifukwa mu 1976 inalemba m'malamulo ake aakulu kuti 25 peresenti kapena kuposa ya ndalama zina za mafuta izisungidwa m'thumba losadyedwa. Amagawana zimene thumbalo labala, ndipo n'zosakwanira kukhalira moyo.

Kadzidzi
Zikomo a Mwale, mwanena mosakondera. Ndiye tagwirizana: chaching'ono, chongofuna wekha, chobwezeka. Chimenecho ndi Popper, si Utopia.

Mbewe
Dikirani kaye achimwene, pang'onopang'ono nayenso ali ndi manda ake, kungoti sitiwawerenga. Anthu amene ankati ukapolo uthe wonse, lero lomwe, ankatchedwa olota owononga chuma. Anzeru ofatsa ankati tiukonze, tichepetse zikwapu. Britain itakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo mu 1833, inachita mofatsa momwemo: mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi anapita kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kalikonse, n'kukakamizidwanso kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838 pa dzina loti akuphunzira. Haiti, imene inadzimasula yokha, France inailipiritsa mafranki 150 miliyoni mu 1825. Ukapolo sungauyese m'boma limodzi kwa zaka ziwiri kuti uone ngati kumasula anthu kukuthandiza. Pali zinthu zimene loto limanena kuti izi zithe, ndipo silikupempha kafukufuku.

Ndiye muyeso wa "kodi angachoke?" tiugwiritse mbali zonse. Mufunse wolota, mufunsenso woteteza zimene zilipo. Kapolo sankatha kuchoka. Mwana wa zaka 8 m'fakitale ya thonje sankatha kuchoka.

Nachisale
Amartya Sen angakhale pakati pa inu awiri. Iye amati sitifunika kugwirizana za dziko langwiro kuti tigwirizane kuti njala ndi ukapolo n'zosalungama. Koma ine ndikuonabe kuti woyamba kunena kuti "izi zingathe" amakhala ataona kale m'mutu dziko lopanda zimenezo.

Koma mawu oti kuchokawa tawatchula kambirimbiri ngati ndi ophweka. A Msungichuma, pa pepala zimakhala bwanji?

Msungichuma
Ndi ndime yovuta kuposa zonse m'malamulo a gulu, mayi, ndipo ambiri amailemba mkangano utabuka kale. Khomo likhoza kukhala lotsegula koma munthu osatha kutuluka. Mu 1970 khoti lalikulu la Canada linagamula kuti a Hutterite amene anachotsedwa m'mudzi wawo atasintha chipembedzo analibe gawo pa chuma cha mudziwo, ngakhale anagwiramo ntchito zaka zambiri. Munthu wa zaka 50 wotuluka ndi zovala zokha, tinganene kuti ankakhalamo mwa kufuna kwake?

Mbali inayo, mukalola aliyense kutuluka ndi gawo lake lonse pamtengo wa lero, gulu likalemera mamembala akale amaona kuti kugulitsa kukuposa kukhala, ndipo wachinyamata sangakwanitse kugula malo awo. Makopaletivi ena a matabwa kumpoto chakumadzulo kwa America anatha chonchi, atapambana.

Njira yapakati ili ndi mbali zitatu. Thumba losagawika, limene ngakhale gulu litatha silipita m'matumba a mamembala. Buku la munthu aliyense, limene ndi lake ndithu. Ndi nthawi yobwezera yotambasuka, tinene zaka zisanu, kuti anthu khumi akachoka mwezi umodzi asagwetse gulu. Pa nyumba, bungwe la Champlain Housing Trust ku Burlington, Vermont, limene mizu yake ndi ya 1984, limagwira chonchi: wogula amathandizidwa kuti nyumba itsike mtengo, ndipo pogulitsa amatenga zimene anaikamo kuphatikizapo 25 peresenti yokha ya kukwera kwa mtengo. Nyumba ikakwera ndi 40,000, iye atenga 10,000, ndipo 30,000 yotsalayo imatsitsira mtengo banja lobwera.

Kadzidzi
Nanga mtengo ukatsika m'malo mokwera, 25 peresentiyo imagwiranso ntchito chobwerera? Ndipo munthu wawonjezera chipinda ndi ndalama zake, mumamuwerengera bwanji?

Msungichuma
M'magulu ena otere, chipindacho chimafuna wowerengera mtengo abwere kawiri, ntchito isanayambe ndi itatha, ndipo mwini apemphe chilolezo asanagule ndi njerwa imodzi yomwe. Chimene amabwezeredwa ndi mtengo umene chipindacho chawonjezera pa nyumba, osati zimene anawononga pomanga, chifukwa wina akhoza kuika matailosi odula amene banja losauka lobwera silingawalipire. Za kutsika kwa mtengo, zimatengera mmene pangano la gululo linalembedwera, ndipo ndime imeneyo muiwerengere wogula mokweza tsiku losaina, mboni ili pomwepo.